Kugaŵa ndi Kutchula Mawu Olumikizana a Chingerezi

M'chigawo chapitachi, pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyesera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za pulayimale, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ina ya Sitandade 6 kumvetsera phunziro la kuŵerenga Chingerezi. Mphunzitsi wophunzirayo anali atakonzekera bwino ndithu: zolemba zake pabolodi zinali zaudongo, mafunso ake anali omveka, ndipo ana anali chete kumvetsera. M'nkhani imene anali kuŵerengayo munali mawu akuti anthill, ndiye kuti chulu. Iye ataona malembo t ndi h ali pamodzi, anakumbukira zimene anaphunzitsa sabata yam'mbuyo za katchulidwe ka th m'mawu onga thin ndi thank. Motero anaika nsonga ya lilime pakati pa mano natchula kuti an-thill, ndipo ana onse, oposa 60, anabwereza pambuyo pake katatu mokweza ndi mokondwa.

Phunziro litatha ndinamtengera pambali ndi kumfunsa tanthauzo la mawuwo. Iye anayankha mosakayika kuti, "Ndi chulu, aphunzitsi, kunena kwake kaphiri ka nyerere." Ndinati, "Mwayankha bwino. Nanga nyerere m'Chingerezi amati chiyani? Nanga kaphiri?" Asanatsirize kuyankha anagwira pakamwa, pakuti anaona yekha kuti t uja ndi wa ant, h uja ndi wa hill, ndi kuti malembo aŵiriwo angoyandikana chabe, sali pachibale ayi.

Cholakwa chotere sichichokera ku ulesi kapena ku umbuli. Chimabwera pamene lamulo loona ligwiritsidwa ntchito pamalo pamene silifika. Komabe kuipa kwake n'kwakukulu, chifukwa kwa ana ambiri a m'midzi mwathu pakamwa pa mphunzitsi ndi pokhapo pamene amamvapo Chingerezi tsiku ndi tsiku. Chimene inu mudzatchula molakwa, iwo adzachisunga zaka zambiri, ndipo ena a iwo adzachiphunzitsanso kwa ana ena. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. M'nkhani ino tsono tiona njira imodzi yosavuta imene ingakutetezeni ku zolakwa zambiri za mtundu umenewu. Njirayo ndi iyi: mukakumana ndi mawu olumikizana, yambani mwapeza msoko wake, kenaka ŵerengani maphatikizo a mbali iliyonse payokha, potsiriza pezani phatikizo loyenera kulitsindika.

Mawu olumikizana ndi otani?

Mawu olumikizana, amene mabuku a galamala ya Chingerezi amaŵatcha compound words, ndi mawu opangidwa ndi mawu aŵiri kapena oposerapo, amene paokha ali ndi tanthauzo, koma akalumikizana amatchula chinthu chimodzi. Class ndi room apanga classroom. Foot ndi ball apanga football. Tooth ndi brush apanga toothbrush. Zimenezi si zachilendo kwa mwana wolankhula Chicheŵa, pakuti nafenso tili ndi mawu onga mtolankhani, msungichuma, chiombankhanga ndi chipondamthengo. Mwana wa Sitandade 5 angathe kukuuzani kuti mtolankhani ndi munthu wotola nkhani. Ndi bwino kuyambira pamenepo, kuti ana aone kuti zimene Chingerezi chimachita n'zomwe chilankhulo chawo chimachitanso.

M'Chingerezi mawu otere amalembedwa m'njira zitatu. Ena amalembedwa pamodzi, monga bedroom. Ena ndi kamzere pakati, monga mother-in-law. Ndipo ena motalikirana, monga bus stop ndi post office. Kalembedwe kameneka kamasintha ndi nthaŵi. M'mabuku akale mudzapeza to-day ndi to-morrow ali ndi kamzere, ndipo m'chaka cha 2007 dikishonale yotchedwa Shorter Oxford English Dictionary inachotsa kamzere m'mawu pafupifupi 16,000, ena niŵalemba pamodzi, ena niŵalekanitsa. Choncho kalembedwe pakokha sikangatiuze zonse. Mawu ovuta koposa kwa ana ndi aja olembedwa pamodzi, chifukwa msoko wake suoneka ndi maso.

Zimene mwana amabwera nazo kuchokera ku Chicheŵa

Mwana sabwera m'kalasi ya Chingerezi chimanjamanja. Amabwera ndi zizoloŵezi zitatu za chilankhulo chake, ndipo mphunzitsi wozidziŵa amadziŵiratu pamene mwana akapunthwe.

Choyamba, maphatikizo a Chicheŵa amathera ndi lembo la liwu: nyu-mba, chi-ma-nga, ku-phu-nzi-ra. Wosiyana ndi m yekha, amene amatha kuima payekha monga mu m-te-ngo. Koma phatikizo la Chingerezi likhoza kuthera ndi lembo lopanda liwu limodzi, aŵiri kapena atatu, monga suit, hand ndi text. Lilime la mwana likafika pamenepo limafuna potsamira, ndiye limaonjezapo i kapena u. Umboni wake uli m'mawu amene Chicheŵa chinabwereka. Suit-case ali ndi maphatikizo aŵiri, koma su-ti-ke-si ali ndi anayi. Wheel-bar-row ali ndi atatu, wi-li-ba-la ali ndi anayi. Head-mas-ter ali ndi atatu, pamene he-di-ma-si-ta-la ali ndi asanu ndi limodzi.

Chachiŵiri, m'Chicheŵa magulu a malembo onga mb, nd, ng, nk, nth ndi mph amayamba phatikizo: mu-nda, mu-nthu, i-mpha. Choncho diso la mwana likaona n pakati pa mawu limamkokera kutsogolo, ndipo mwanayo amagaŵa su-nglasses m'malo mwa sun-glasses, kapena ha-ndbag m'malo mwa hand-bag.

Chachitatu, polankhula Chicheŵa timatalikitsa phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera chiganizo. Tchulani sutikesi ndipo mudzamva kuti ke ndiye watalika. Tchulani wilibala ndipo mudzamva kuti watalika ndi ba. Onani tsono chotsatira chake. Phatikizo lotalikalo limagwera pa mawu achiŵiri a mawu olumikizanawo. Mwana akaphunzira kusiya i wa kumapeto, chizoloŵezi chotalikitsa mbali yachiŵiri chimatsalabe, ndipo amati suitCASE, footBALL, classROOM, pamene Chingerezi chifuna kuti mphamvu igwere pa mbali yoyamba. M'nkhani ino malembo aakulu aonetsa phatikizo lotsindikidwa.

Apa ndichenjeze. Sutikesi, wilibala ndi hedimasitala si Chingerezi cholakwa ayi. Ndi Chicheŵa chokhoza. Mwana asachititsidwe manyazi chifukwa cha mawu amene makolo ake amalankhula. Ntchito yathu ndi kumuonetsa kuti zilankhulo ziŵirizi zimamanga maphatikizo mosiyana, ndi kuti iye angathe kuyenda m'njira zonse ziŵiri.

Yambani mwapeza msoko

Telala akafuna kuphwasula malaya sang'amba paliponse, amatsata msoko. Chimodzimodzinso mawu olumikizana: malire oyamba a maphatikizo ali pamene mawu aŵiriwo akumana, ndipo malamulo ena onse a kaŵerengedwe amagwira ntchito m'kati mwa mbali iliyonse, osadumpha msokowo. Pali malo anayi pamene lamulo limeneli limapulumutsa mphunzitsi.

1. Malembo aŵiri ooneka ngati amveka pamodzi. Timaphunzitsa ana kuti th, ph, sh ndi wh amatulutsa kamvekedwe kamodzi, ndipo m'mawu ambiri zimenezi n'zoona. Koma lembo loyamba likakhala la mbali imodzi, lachiŵiri la mbali ina, lililonse limamveka palokha. Motero timati ant-hill, pot-hole, light-house, sweet-heart, up-hill, osati u-fill, grass-hopper, osati gras-shopper, cow-hide. Chodabwitsa n'chakuti mwana woŵerenga mwa Chicheŵa amayandikira katchulidwe koyenera ka lighthouse ndi uphill, pakuti th ndi ph wathu ndi t ndi p wotuluka ndi mpweya, monga mu thumba ndi phiri. Amene amalakwa kwambiri ndi uja waphunzira bwino lamulo la Chingerezi koma sanauzidwe malire ake. Nthaŵi zina msoko umasintha tanthauzo lenilenilo. Lembani nowhere pabolodi ndi kufunsa ana kuti aŵerenge: ena adzati no-where, ena now-here, ndipo matanthauzo ake ndi otsutsana.

2. Lembo e losamveka. Ana amadziŵa kuti e wa kumapeto kwa note, home ndi time samveka. Koma e yemweyo akakhala pakati pa mawu amamudzutsa, nati no-te-book, ho-me-work, ti-me-table. Mukaŵaonetsa msoko adzaona kuti e uja akali kumapeto kwa mawu ake, ndipo akali chete: note-book, home-work, time-table, lake-shore. Mawu akuti pineapple ndi chitsanzo chabwino, pakuti mwana akhoza kuganiza kuti ea amveka monga mu tea, pamene e ndi wa pine, a ndi wa apple.

3. Malembo osamveka oyambira mbali yachiŵiri. Lembo k silimveka mu knife, ndipo w samveka mu writing. Choncho samvekanso mu pen-knife ndi hand-writing. Mwana wosaona msoko adzaona nk mu penknife monga mu nkono, ndipo adzatchula k amene Mngerezi satchula.

4. Malembo ofanana okumana pamsoko. M'mawu wamba onga rabbit, butter ndi summer malembo oŵirikizawo amamveka ngati limodzi. Koma mu mid-day, room-mate, lamp-post ndi book-case, pamene mbali yoyamba ithera ndi kamvekedwe komwe mbali yachiŵiri iyambira, wolankhula amagwiriza lilime kapena milomo kanthaŵi pang'ono asanamasule. Satchula kaŵiri, ndiponso saikapo i pakati, amangokhalitsapo.

Lamulo la msoko likuthandizaninso polemba. Mawu olumikizana akasoŵa malo kumapeto kwa mzere pabolodi, aduleni pamsoko: class- pamzere wapamwamba, room pamzere wotsatira. Kulemba clas- ndi sroom ndi kuphunzitsa diso la mwana kugaŵa molakwa.

Chenjerani ndi misoko yabodza. Aphunzitsi ena amauza ana kuti azifunafuna timawu ting'onoting'ono m'kati mwa mawu aakulu. Njira imeneyi njoopsa, chifukwa idzabala fat-her mu father, leg-end mu legend, not-ice mu notice, ndi to-get-her mu together. Muyeso wake ndi tanthauzo. Funsani kuti: kodi mbali zonse ziŵiri zikuthandiza kumasulira mawuŵa? Bedroom ndi chipinda cha bedi, choncho msoko wake ndi woona. Carpet alibe chochita ndi galimoto kapena chiŵeto, choncho si mawu olumikizana ayi.

Kuŵerenga maphatikizo

Msoko ukapezeka, ntchito yotsala njopepuka, pakuti mbali iliyonse imasunga maphatikizo amene inali nawo ili payokha. Tea ali ndi limodzi, spoon ali ndi limodzi, choncho tea-spoon ali ndi aŵiri. News ali ndi limodzi, pa-per ali ndi aŵiri, choncho news-pa-per ali ndi atatu. Wa-ter ndi mel-on apanga wa-ter-mel-on, maphatikizo anayi. Kumbukirani kuti m'Chingerezi timaŵerenga maphatikizo ndi khutu, osati ndi diso. Toothbrush ali ndi malembo 10, koma maphatikizo ake ndi aŵiri okha.

Njira yozoloŵereka ndiyo kuomba m'manja, kamodzi pa phatikizo lililonse. Njira imeneyi njabwino, koma ili ndi msampha: mwana amene amati tu-thi-bu-ra-shi adzaomba kasanu, ndipo adzakhala ataŵerenga molondola chimene iye watchula. Chifukwa chake mphunzitsi ayambe ndiye kutchula, ana angomvetsera ndi kuomba. Atatha kumva kuti kuomba ndi kuŵiri, ayese kuloŵetsa mawu onsewo m'kuomba kuŵiriko. Njira ina ndiyo kung'ung'udza mawuwo milomo ili yotseka. Pong'ung'udza malembo opanda liwu amazimirira, ndipo chotsala ndi chiŵerengero cha maphatikizo ndi kulemera kwake.

Kuti i woonjezera uja achoke, mangani mawu kuyambira kumapeto. Ana anene case. Kenaka aike lilime pamalo a t, osalimasula, nanene case. Potsiriza anene suitcase. Chinsinsi chake n'chakuti m'mawu onga suitcase, football ndi blackboard lembo lotsiriza la mbali yoyamba silitulutsidwa ndi mpweya wake wonse. Pakamwa pamangokonzeka, kenaka pamapita ku lembo lotsatira. Mwana akamasula t mwamphamvu, i amatuluka yekha.

Phatikizo loyenera kulitsindika

M'mawu a Chingerezi a maphatikizo aŵiri kapena oposerapo, phatikizo limodzi limamveka koposa anzake: limakwera, limatalika, ndipo liwu lake limamveka bwino. Lamulo lalikulu ndi lakuti m'mayina olumikizana mphamvu imagwera kaŵirikaŵiri pa mbali yoyamba: CLASSroom, FOOTball, RAINcoat, NEWSpaper, GRASShopper. Zili chomwecho ngakhale m'mayina ambiri olembedwa motalikirana, monga BUS stop ndi POST office.

Ena angaganize kuti kutsindika ndi zokometsera chabe. Si choncho ayi, pakuti ndiko kumasiyanitsa dzina lolumikizana ndi mfotokozi wotsatidwa ndi dzina. A black BOARD ndi thabwa lililonse lakuda, koma a BLACKboard ndi bolodi lolembapo, ndipo likhoza kukhala lobiriŵira osasintha dzina. A green HOUSE ndi nyumba yopakidwa utoto wobiriŵira, koma a GREENhouse ndi nyumba ya magalasi kapena ya pulasitiki yolimamo mbewu. A white HOUSE ndi nyumba iliyonse yoyera, pamene the WHITE House ndi nyumba ya mtsogoleri wa dziko la America ku Washington. Ngakhale dzina la ntchito yanu lili m'gulu lomweli: an ENGlish teacher ndi mphunzitsi wa phunziro la Chingerezi, koma an English TEACHer ndi mphunzitsi wochokera ku England. Mukakayika, yesani kuika very patsogolo. Tingathe kunena a very black board, koma sitinganene a very blackboard, chifukwa black wa mu blackboard analeka kufotokoza mtundu, anasanduka mbali ya dzina.

Kutsindika kumasiyanitsanso dzina ndi mneni. Galimoto ikawonongeka panjira timati it broke DOWN, koma kuwonongekako ndi a BREAKdown. Ndege ikamanyamuka timati it takes OFF, koma kunyamukako ndi the TAKE-off.

Lamulo lalikululi lili ndi opatuka ake, ndipo mphunzitsi ayenera kuŵadziŵa asanaime pamaso pa ana. Timati headMASter ndi afterNOON. Aloŵam'malo othera ndi self amatsindikidwa kumapeto: mySELF, themSELVES. Afotokozi ambiri olumikizana akaima paokha amatero nawonso: second-HAND, good-LOOKing. Dzina loyamba likamanena chimene chinthu chapangidwa nacho, mphamvu imakonda kupita pa lachiŵiri: stone WALL, apple PIE. Mayina a misewu ali ndi mwambo wawo: Street satsindikidwa, koma Road ndi Avenue amatsindikidwa. Choncho ku London amati OXford Street, koma msewu uja wa mu mzinda wa Blantyre ndi Victoria AVenue.

Pali gulu limodzi limene ndifuna mulisamale koposa, chifukwa cholakwa chake chimafika mpaka m'phunziro la masamu ndi kumsika. Manambala a 13 mpaka 19 anachokera ku kulumikiza nambala yaing'ono ndi ten. Akatchulidwa paokha mphamvu imagwera kumapeto: thirTEEN, fourTEEN, fifTEEN, pamene 30, 40 ndi 50 amatsindikidwa poyamba: THIRty, FORty, FIFty. Koma dzina likatsatira, mphamvu ya teen imasunthira kutsogolo kwa mawu, monga mu THIRteen BOOKS. Chifukwa chake kutsindika kokha sikukwanira. Phunzitsaninso ana kutalikitsa ee ndi kumveketsa n wa kumapeto. Mwana amene wamva 50 pamene inu mwanena 15 adzalakwa samu yonse ngakhale njira yake ili yokhoza.

Mawu amene msoko wake unafufutika

Alipo mawu ena amene analumikizana kale kwambiri, ndipo chifukwa chotchulidwa kaŵirikaŵiri anaperepeseka monga khasu lakale. Kalembedwe kakuonetsabe mbali ziŵiri, koma katchulidwe kanasintha. Breakfast anachokera ku break ndi fast, kunena kumasula kusala kwa usiku, koma lero mbali yoyamba imamveka ngati brek. Mu cupboard p samveka, ndipo board anafupika kwambiri. Mu Christmas t samveka, ndipo i ndi wamfupi, wosiyana ndi wa mu Christ. Mu shepherd, amene anachokera ku sheep ndi herd, ph ndi p chabe, h samveka. Mu handkerchief d samveka. Vineyard sayamba monga vine, koma monga vin. Onani kuti amene anabweretsa mawu akuti kabati m'zilankhulo za kuno anatenga cupboard ndi khutu, osati ndi diso, n'chifukwa chake mulibe p. Pamenepa khutu la agogo athu linakhoza kuposa diso la ophunzira ambiri.

M'mawu otereŵa mbali yosatsindikidwa imatenga kaliwu kofooka, kosakhala a kapena e weniweni, kamene akatswiri amakatcha schwa, ndipo m'dikishonale kamalembedwa ngati e wozondoka, ə. Ndiko kamene kamamveka mu man wa postman, policeman ndi gentleman, ndiponso mu land wa England ndi Scotland. Mawu a gulu limeneli si ambiri. Palibe lamulo loŵatulukira. Aphunzitseni limodzilimodzi pamene apezeka m'buku loŵerenga, ndipo sungani mndandanda wake pakhoma la kalasi.

Dikishonale ikhale bwenzi lanu

Palibe mphunzitsi amene angasunge zonsezi pamtima, ndipo kufunsa dikishonale si manyazi. Bungwe la International Phonetic Association, limene linakonza zizindikiro za katchulidwe zimene madikishonale ambiri amatsata, linayambitsidwa ndi aphunzitsi a zilankhulo ku Paris m'chaka cha 1886. M'chaka cha 1917 Daniel Jones anatulutsa English Pronouncing Dictionary, ndipo m'chaka cha 1948 Oxford University Press inasindikiza dikishonale ya ophunzira ya A. S. Hornby, imene lero imatchedwa Oxford Advanced Learner's Dictionary. M'mabuku otere kamzere koimirira kokhala pamwamba, ˈ, kamaikidwa patsogolo pa phatikizo lotsindikidwa kwambiri, ndipo kokhala pansi, ˌ, patsogolo pa lotsindikidwa pang'ono. Kumbukirani kuti kamzereko kamatsogola, sikatsatira. Amene muli ndi foni zokhala ndi intaneti mungathenso kumvetsera mawuwo akutchulidwa.

Mudzapeza kuti mawu ena, monga weekend ndi ice cream, ali ndi katsindikidwe kaŵiri kovomerezeka, ndipo a ku Britain ndi a ku America amasiyana. Musavutitse ana ndi zotere. Cholinga chathu si chakuti mwana wa ku Ntcheu amveke ngati wobadwira ku London, koma kuti akalankhula amvedwe, ndipo akamva amvetse.

Chitsanzo cha phunziro

Kalasi: Sitandade 5 kapena 6. Nthaŵi: mphindi 35.

Cholinga: pakutha pa phunziro ana athe kupeza msoko wa mawu olumikizana, kunena chiŵerengero cha maphatikizo ake, ndi kutsindika mbali yoyamba.

Zipangizo: makadi odulidwa ku makatoni akale, lililonse lolembedwa mawu amodzi: foot, ball, class, room, tea, spoon, note, book, rain, coat, ant, hill, tooth, brush, hand, bag, miyala ikuluikulu ndi timiyala ting'onoting'ono.

1. Mphindi 5. Lembani mtolankhani ndi msungichuma pabolodi. Funsani ana mawu amene akuŵamva m'katimo, ndipo mmodzi adzajambule mzere pamsoko. Auzeni kuti Chingerezi nachonso chimatero.

2. Mphindi 8. Gaŵani makadi kwa ana 16. Aliyense afune mnzake amene angapange naye mawu atanthauzo, ndipo aŵiriaŵiri aime kutsogolo motalikirana pang'ono. Kalasi iŵerenge khadi lililonse palokha. Kenaka aŵiriwo asendererane mpaka makadi agundane, inu n'kutchula mawu olumikizanawo kaŵiri, ana akumvetsera chabe.

3. Mphindi 7. Tchulaninso mawu aliwonse, ana akuomba m'manja. Akagwirizana kuti kuomba ndi kuŵiri, atchule okha, poyamba onse pamodzi, kenaka mzere ndi mzere, potsiriza mmodzimmodzi. Musadalire kuyankha kwa gulu, pakuti m'phokoso la ana ambiri i woonjezera amabisala.

4. Mphindi 7. Ikani mwala waukulu pansi pa khadi loyamba ndi kamwala pansi pa lachiŵiri. Ana aombe mwamphamvu pa mwala waukulu ndi mofatsa pa kamwala. Mwana wogwira khadi loyamba aimirire, wachiŵiri anjute, kuti maso athandize khutu.

5. Mphindi 8. Lembani pabolodi mawu atsopano asanu: bedroom, pothole, homework, sunlight, uphill. Ana aŵakopere m'makope mwawo, ajambule mzere pamsoko, ndi kulemba kamzere kunsi kwa mbali yotsindikidwa. Yendani pakati pawo, ndipo aliyense amene mwafika pa iye akutchulireni mawu amodzi motsitsa.

Musaloŵetse mawu opatuka m'phunziro loyambali. Lamulo liyambe lakhazikika. Headmaster, afternoon ndi cupboard adzabwere sabata yotsatira, ndipo kusiyana kwa blackboard ndi black board kudikire Sitandade 7.

Mawu otsiriza

Wophunzira uja wa anthill anabwerera m'kalasi yake m'maŵa mwake, nauza ana poyera kuti dzulo analakwa, naŵaonetsa ant ndi hill pa makadi aŵiri. Ana sanamnyoze ayi. Anayamba kupikisana kufunafuna mawu ena otere m'buku lawo. Inunso mukamakonzekera phunziro lililonse la kuŵerenga, tengani pensulo, ŵerengani nkhani yonse mokweza muli nokha, ndipo lembani mzere pamsoko wa mawu olumikizana onse amene mwaŵapeza. Amene mukuŵakayikira, aoneni m'dikishonale usiku womwewo. Ntchito imeneyi siitenga mphindi 10, koma idzateteza makutu a ana onse amene adzadutsa m'manja mwanu.

Ntchito yoti muchite

1. Gaŵani mawu aŵa pamsoko, nenani chiŵerengero cha maphatikizo ake, ndipo sonyezani phatikizo lotsindikidwa: foothill, loophole, doorknob, horseshoe, earring, homesick, grandmother, motorcycle.

2. Mwa mawu aŵa, ndi ati amene ali olumikizana, ndipo ndi ati amene msoko wake ndi wabodza: season, seaside, target, teapot, manage, mankind? Perekani zifukwa zanu.

3. Pezani mawu ena asanu a Chicheŵa obwerekedwa ku mawu olumikizana a Chingerezi, ndipo yerekezani maphatikizo ake m'zilankhulo ziŵirizi.

4. Tengani buku la Chingerezi la kalasi imene mudzaphunzitse, lembani mawu olumikizana onse a m'mitu itatu yoyamba, ndipo muŵaike m'magulu atatu: otsata lamulo lalikulu, opatuka pa katsindikidwe, ndi aja amene msoko wake unafufutika.